Jakisoni wa Madzi

Munthu asamakome kwambiri m'kamwa mwa anthu, nzoopsa zimenezo. Ukamva akukutchula pachitsime, akukutchula kuchigayo, yamba kucheuka. A dokotala Pitala sadacheuke.

Iwowa anali mwana wa konkuno ku Nathenje, wobadwira m'nyumba yaudzu ngati ife tomwe. Adaphunzira mpaka kunja, nabwerako ndi ntchito imene anzawo ankaithawa, yoona odwala khansa. Masiku ena onse ankakhala m'tauni, koma Lachinayi ankakwera njinga yamoto kubwera ku kachipatala kena kuseri kwa Mitundu, panjira yafumbi yotulukira ku Nathenje. Panalibe zogoneka munthu pamenepo. Wodwala ankafika m'mawa, kukhala pabenchi, kuonedwa, kubayidwa, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwawo.

Matipate, ndale za zipani zambiri, anali atangobwera kumene. Anthu ankayankhula zilizonse pamsika osatembenuka, ngakhale enafe tinkatembenukabe, poti boma silikuuza tsiku limene lisinthe mtima. Madokotala anzawo ambiri anali atapita, ena ku Botswana, ena ku mabungwe a galimoto zoyera. Otsalawo akakumana ankanyadirana. Woona azimayi oyembekezera ankati, “Ana anga ine adzaza sukulu.” Wa mafupa ankati, “Mwamuona akupalasa njinga uyo? Mwendo umenewo ndidalumikiza ndine.” A Pitala ankangoseka nawo. Akadaloza yani? Wodwala wawo ankayamba kubwera woyenda yekha, kenako wogwiriziza, kenako pangolo, kenako pamalo pake pabenchi pankakhala wina.

Ndiye ntchito yotere munthu imamukomera pati? Iwo inkawakomera pamodzi pokha. Panali mankhwala ena a m'timabotolo ting'onoting'ono, osaoneka mtundu, ngati madzi enieni, osungidwa m'furiji ya palafini. Kuchiritsa sankachiritsa, koma ankaphwetsa chotupa, munthu n'kugonako tulo, n'kugwirako khasu nyengo imodzi. Woteroyo akabwera kudzathokoza, a Pitala mtima unkakhala m'malo mpaka Lachinayi linalo. Kuthokozako ndiye kunali chakudya chawo. Ndipo chakudya chikakhala chimodzi chokha, munthu amachiba.

Wodziwa kuthokoza kuposa onse anali Eneless. Iyeyu ndi mwamuna wake Lackson anali matenanti pa esiteti ya fodya cha kumbali ya Dzalanyama. Kwawo kunali kutali, ku Phalombe, ndipo adabwera palole ndi kamwana kawo kakakazi, Memory. Mwendo wamanzere wa Eneless udatupa ngati mtondo, wodzaza timatuza takuda tolimba. Atabayidwa kangapo mumtsempha wa pamkono, mwendo uja udaphwa. Tsiku lina adalowa m'chipindamo akuvina.

“A dokotala, taonani kuno! Nsapato yalowa! Bambo a Memory ankati tiigulitse, ine ndinati ayi, dikirani Lachinayi.”

Adaseka a Pitala, kuseka kochokera m'mimba, mpaka anthu pabenchi adasuzumira.

Mvula ili pakati, mankhwala aja adatha. Kumene ankachokera adangoti dikirani. Lachinayi loyamba la furiji yopanda kanthu, woyamba kulowa anali mkulu wina wa ku Diamphwe amene adabwera pangolo yobwereka. A Pitala adamuuza zoona, kuti mankhwala kulibe. Mkuluyo adawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi.

“Ndiye mudatiitaniranji, mwana wanga? Kudzaona nkhope yanu?”

Mawuwo akadali m'khutu, adalowa Eneless, chitenje chikudontha. Mtsinje unali utadzaza, ndipo Lackson adamuwolotsa atamubereka kumsana. Mtsinje wodzaza sawoloka, ana inu, umatenga ndi ng'ombe zomwe. Koma iwo adawoloka. Eneless adakhala pampando, navundukula mwendo kuti auone, natambasula mkono, natsinzina monga mwa masiku onse.

A Pitala adatsekula furiji akudziwa kuti mulibe kanthu. Adaimirira pamenepo kuyang'ana m'kati. Pashelefu yapambali panali timabotolo ta madzi osungunulira mankhwala ena. Adatengapo kamodzi, nakoka madziwo m'jakisoni, napukuta mkono uja ndi thonje, nabaya pang'onopang'ono.

“Eee, akulowa,” adatero Eneless. “Ndikuwamva kuzizira.”

Namwino wa pamenepo, a Martina, anali mayi wathupi, wosadziwa kubisa mawu. Adadikira chitseko chitsekeke.

“A dokotala, ndaona.”

“Ndi lero lokha, a Sisitala. Mwawaona mmene anyowera? Ndikanawabweza chimanjamanja? Madziwa savulaza. Sabata yamawa mankhwala afika.”

“Lero lokha,” adatero a Martina akutsuka mbale yachitsulo. “Malemu amuna anga mowa adauyamba choncho.”

Bodza lili ngati moto wa ana osaka mbewa. Amati tingotentha pano pokha, madzulo nkhokwe yapita. Sabata yamawayo mankhwala sadafike, mwezi wotsatira sadafike, mvula idatha, chimanga chidauma. Eneless ankabwerabe, ndipo a Pitala ankabayabe madzi. Iye adakasimba pa esiteti, nabwera ndi mnzake woyandikana naye msasa, mayi wachikulire, a Esnart, a chotupa m'khosi. Atabaya mmodzi, winayo akadamukaniza chotani? Kenako adadza enanso. Zina zimene ankawachitira zinali zenizeni: kutsuka mabala, kumanga bandeji, kupereka mapiritsi opha ululu. Koma anthu sankayendera zimenezo. Ankayendera singano.

Pakhonde pankatsala dzungu, mtedza m'kansalu, nzimbe. A Martina ankazikankha ndi phazi.

“Tengani nokha. Ana anga sadya dzungu la madzi.”

A Pitala ankamanga zinthuzo kumbuyo kwa njinga, n'kukazisiya kwa aliyense panjira, poti kukhosi sizikadadutsa. Mbiri idafika mpaka kwa amayi awo ku Nathenje. Azimayi a kutchalitchi ankawauza kuti, “Mwana wanu uja ali ndi dzanja.” Nkhalambayo inkafotokoza izi monyadira, mwana wakeyo atazyolika. Koma chochititsa manyazi chenicheni n'chakuti kuthokoza kuja kunkawakomerabe. Eneless akati, “Mulungu akusungeni, a dokotala,” kamtima kankadumpha kaye, manyazi n'kubwera pambuyo.

Nyengo yozizira, mwendo uja udayambanso kutupa, kukwera mpaka m'ntchafu. Nsapato idakana. Eneless adadziimba mlandu yekha.

“Ndalakwitsa ndine. Ndimaima nthawi yaitali pachigafa posankha fodya. Musandikalipire, a dokotala.”

“Muzipumulako, mayi,” adatero a Pitala, maso ali pathonje.

Idafika nyengo ya mphepo ndi akamvuluvulu, fodya atagulitsidwa. Lachinayi lina Lackson adalowa yekha, mkazi wake atamusiya pabenchi. Anali munthu wamfupi, wa manja akuda ndi utomoni wa fodya. Adanjuta pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja.

“Khalani pampando, bambo.”

“Pano pali bwino, bwana. Ndabwera ndi kankhani. Lole yotibweza kumudzi inyamuka Loweruka. Ikapita imeneyi, ina ndi chaka chamawa, ndipo mabasi osinthasinthawa ndi mwendo umenewu sangakwere. Ndiye amake Memory akukana. Akuti sangasiye jakisoni.”

A Pitala adayamba kusanja timabotolo tosanjika kale.

“Bwana, kwathu mkazi ndi wa kwawo,” adapitiriza Lackson. “Amayi awo alipo, achimwene awo alipo, munda wa Memory uli komweko. Ine ndine mkamwini chabe. Maso ndili nawo, mwendowu ndikuuona. Chikachitika chinthu kuno...”

Sadamalize, ndipo adachita bwino, mawu oterewa samaliza. Koma a Pitala adamva. Pa esiteti mlendo amaikidwa kumalire a munda, popanda mbale woponya dothi, ndipo mvula ziwiri zikagwa khasu limadutsapo. Mwamunayo n'kukafika kumudzi ndi mwana yekha, eni mbumba n'kumufunsa kuti, wathu mwamusiya kuti?

Pamenepo a Pitala adaona kanjira kachidule. Tinjira tachidule timakhala ndi minga, koma munthu wamantha saiona. Adatenga timabotolo ta madzi tija, natikulunga m'pepala, naitanitsa Eneless. Iye adalowa akukoka mwendo, atatsamira ndodo.

“Mayi, nkhani yanu ndamva. Pitani kumudzi. Mankhwala anu ndi awa, ndakumangirani. Mukapereke kuchipatala cha kwanu, azikakubayani.”

Eneless adaseka, nayang'ana mwamuna wake.

“Ndiye mwathamangira kudzandinenera? Amuna inu!” Adakankha kaphukusi kaja ndi chala. “A dokotala, mchere ndi womwewo, koma ndiwo zimasiyana nyumba ndi nyumba. Mankhwala ndi dzanja. Ine ndinabayidwako kwina, ndinatemeredwa mphini, palibe chinachitika. Inu munangondigwira apa, nsapato inalowa. Kwathuko akandibaya ndani? Kamnyamata konjenjemera manja?”

“Mankhwala ndi amodzi, mayi.”

“Dzanja si limodzi. Lole ipite. Ine ndikhala pompano, ndizisoka fodya wa eni ake nditakhala pansi. Ndikachira tidzapita ndi ya chaka chamawa.”

“Ine monga dokotala ndikuti mupite.”

Kuseka kuja kudazima. Eneless adawayang'anitsitsa.

“Mwatopa nane?”

“Ayi, mayi.”

“Mwendowu ukununkha? Nenani, sindikwiya.”

“Ayi, si zimenezo.”

“Ndiye bayani.”

Adatambasula mkono, natsinzina. A Martina, amene ankagwira mkono masiku onse, adaika thonje patebulo natuluka. A Pitala adagwira okha, nabaya madzi aja, Lackson akuyang'ana pansi. Eneless adathokoza, nati sabata yamawa abweretsa mbatata.

Benchi litatha anthu, a Martina adabwera kudzaima pakhomo, manja m'chiuno.

“Kodi mukuopa chiyani? Kumangidwa? Masiku ano sakumanga, anthu akutukwana ndi nduna zomwe.”

“Ndikawauza ndiye kuti ndawalanda chiyembekezo.”

“Chiyembekezo chawo, kapena dzungu lanu?”

A Pitala adakhala pampando wa odwala, nagwira mutu.

“Ntchito iyi yandikwana, a Sisitala. Palibe ndidamuchiritsa. Palibe ndi mmodzi yemwe. Mwina ndingotsatira anzanga ku Botswana.”

“Pitani, njira ndi yotsekula. Koma mudzere ku esiteti.”

M'mawa mwake m'tauni sadagwire ntchito yooneka. Dzuwa lili pamutu adaliza njinga yawo, kudutsa Mitundu, kulowa njira ya mchenga. Chinthu cha matayala awiri chimenechi n'chosadalirika, pamchenga chimavina, koma tsiku limenelo akadakonda chitawagwetsa kuti apeze chifukwa chobwerera. Sichidawagwetse. Adafika pa misasa ya matenanti, tinyumba taudzu tondandana kuseri kwa zigafa zopanda fodya. Anthu anali pa kalikiliki womanga katundu, mapoto m'matumba, nkhuku m'madengu, ana akuthamanga pakati.

Woyamba kuwazindikira anali a Esnart. Adaimba nthungululu ndi khosi lotupa lomwelo.

“A dokotala afika! Anthuni, a dokotala atiyendera!”

Anthu adasiya mitolo. Wina adathamangira kwa kapitawo kukabwereka mpando, naupukuta ndi chitenje. Azimayi adagwada kupereka moni mmodzimmodzi, amuna akuwomba m'manja. Wina adabweretsa mwana wa zipere, wina adaonetsa dzino. A Pitala akuti atsekule pakamwa, adamva nkhuku ikulira kuseri.

“Iyayi, musaphe! Sindikhalitsa!”

“Mwachedwa, bwana, mutu uli poteropo,” adayankha mayi wina, anthu n'kuseka. Inali nkhuku ya Eneless, thadzi lokhalo limene anali nalo.

Mwambo wake, nkhani yolemera sauza wodwala, amauza womudwazika. A Pitala adakodola Lackson, napita naye kuseri kwa chigafa. Adayankhula akuyang'ana nsichi. Adati mankhwala adatha mvula ili pakati, ndipo zimene akhala akubaya ndi madzi. Lackson adalavula pambali.

“Tsiku lija ndinawabereka pamtsinje, madzi akundifika m'khosi?”

“Tsiku lomwelo.”

“Ndiye madzi tinawasiya mumtsinje, kudzatsata madzi a m'botolo.”

Lackson adawatembenukira.

“Nanga mwauza ine kuti nditani?”

“Muwafotokozere bwinobwino, inu amakumverani.”

“Ine? Ndikanena ine, ati ndatopa ndi kudwazika, ndapeka kuti akwere lole. Akakamva achimwene awo, ati mkamwini anawalodza ndi pakamwa. Ayi, bwana. Mwini wa bodzali ndinu. Munalilowetsa nokha, kalitulutseni nokha.”

Adaloza msasa wakumapeto ndi chipewa. Sadawatsogolere.

M'kati munali kamdima, dzuwa likulowa timizeremizere m'mipata ya udzu. Eneless anali pamphasa atatsamira thumba la chimanga. Katundu wake yekha ndiye anali wosamanga: mbale zili pamalo pake, zovala pachingwe. Atawaona adavundukula mwendo msanga, monga ankachitira kuchipatala.

“Mpaka kunditsata kunyumba! Anzanga afa ndi nsanje lero. Tabweretsani mpando uja!”

“Usiyeni, mayi.”

A Pitala adakhala pansi, pafumbi, ndi buluku lawo la m'tauni. Khoma laudzu silisunga mawu. Kunja phokoso lidayamba kuchepa, ndipo iwo ankadziwa kuti msasa wonse watchera khutu. Adaganiza zongofunsa za ululu, kusiya mapiritsi n'kumapita. Adayang'ana mwendo uja, wonyezimira ndi kutupa, timatuza tina titaphulika.

“Mayi, ndakulakwirani. Zimene ndakhala ndikukubayani si mankhwala. Ndi madzi.”

Eneless adamwetulira, kudikira kuti nthabwalayo ifike pothera.

“Madzi a chiyani?”

“Madzi basi. Mankhwala adatha kalekale. Ndinachita mantha kukuuzani.”

“Bambo a Memory akutumani.”

“Sananditume. Nawonso angomva kumene.”

“Koma ndinkawamva kuzizira.”

“Madzi amazizira, mayi.”

Kumwetulira kuja kudachoka pang'onopang'ono. Eneless adagwira nsonga ya chitenje, naikoka, nafunditsa mwendo wonse mpaka zala, naupsinja m'mbali ngati walowa mwamuna wachilendo. A Pitala akadakonda atawamenya khofi.

“Nsapato ija?”

“Aja anali mankhwala enieni. Oyamba aja okha.”

“Nanga a Esnart?”

“Iwo sanalandireko enieni ndi tsiku limodzi lomwe.”

“Mayo ine!” Eneless adaphimba nkhope ndi manja. “Ndinawakoka ndine. Anali ndi sing'anga wawo, ine ndinawaseka. Ndinkayenda msasa ndi msasa ngati mlaliki. Ndituluka bwanji panja pano?”

“Mlandu si wanu. Ndi wanga.”

“Pakamwa panali panga.”

Kunja kunali zii, kupatula mwana wina amene ankalira, mayi ake n'kumutseka pakamwa. Eneless adachotsa manja kumaso. Misozi panalibe.

“Enieniwo akadzabwera, ndidzachira?”

Apa ndiye pamene munthu wanzeru amati Mulungu ndiye adziwa, n'kudzuka. Mawu enawo satchula, amaitana zinthu, ndipo wowatchula amasenza. A Pitala ankadziwa zimenezi, anali mwana wa kuno. Koma kanjira kachidule kanali katawathera.

“Ayi, mayi. Amangophwetsa kwa kanthawi. Nthenda iyi ine sindingaichotse, ndipo palibe dzanja lingaichotse. Lole ya chaka chamawa musaidikire. Pitani kwa amayi anu mphamvu zikadalipo. Mwanayu mukamupereke nokha m'manja mwa achimwene anu.”

Eneless adayang'ana kudenga. A Pitala adadikira kutukwanidwa, ndipo kukadawapepuza. Sikudabwere. Iye adatembenukira kukhomo, nakweza mawu.

“Bambo a Memory!”

“Ndili pano.”

“Tsitsani zovalazi. Mbale muike m'ndowa. Mphasayi mumange komaliza, ndigonerapo.”

Lackson adalowa, nayamba kutsitsa zovala pachingwe osayang'ana mlendo. A Pitala adadzuka, nasansa fumbi, natulutsa m'chikwama mapiritsi opha ululu ndi mabandeji onse amene adatenga. Adafotokoza kamwedwe kake. Lackson adalandira ndi dzanja limodzi.

Akuti azituluka, mtsikana wina adafika ndi mbale ziwiri zovundikira, naima pakhomo osadziwa kolowera.

“Zikomo, ndakhuta,” adatero a Pitala.

“Idyani,” adatero Eneless osawayang'ana. “Yafa kale. Kwathu mlendo sabwerera ndi njala, ngakhale akhale wotani.”

Adawaikira pampando wa kapitawo uja, pabwalo, poyera. A Pitala adasamba m'manja, nakhala, nadya okha. Anthu anali atabwerera ku mitolo yawo, koma palibe ankayankhula. Mayi wa mwana wa zipere uja adamukoka mwana wake kulowa naye m'nyumba. A Esnart adakhala pamtondo wogona, atapereka msana, dzanja lili pakhosi. Nyama ya nkhukuyo inali yofewa, yothira mchere bwino, ndipo nthuli iliyonse inkatsika ngati mwala. Kusiya sakadasiya, kukadakhala kunyoza kachiwiri. Adadya mpaka chiwindi chimene adawasankhira.

Atatha adaima pakati pa bwalo.

“Ndapita, tsalani bwino.”

“Pitani bwino,” adayankha munthu mmodzi, kuchokera m'nyumba.

Mlendo amaperekezedwa, ngakhale wodzapempha moto amamutulutsa mpaka pampanda. A Pitala adayenda okha kukafika pamene adaimika njinga. Idavuta kulira. Adaiponda, naiponda, thukuta likutsika, msasa wonse ukumva, ndipo palibe adabwera kudzakankha.

M'tauni sadabwerere. Adakagona kwa amayi awo ku Nathenje, nati mutu ukuwawa kuti asafunsidwe zambiri. Chimene chinkawadya n'chakuti munthu amamanga katundu madzulo, m'mawa n'kumasula. Mwina Eneless akadati manyazi omwewa sangakwere nawo lole imodzi ndi anthu amene adawasocheretsa. Mwina akadati mwendo sulola. Akadatero, ndiye kuti adamulanda zonse popanda chomupatsa.

Kutacha adapita pamphambano pamene njira yafumbi ya ku Mitundu imagwera mumsewu wa tala. Lole yopita kummwera sikadadzera kwina. Adaima kuseri kwa azimayi ogulitsa tomato ndi kabichi, chipewa atachitsitsa. Zidadutsa ngolo, zidadutsa njinga za makala. Dzuwa lidakwera, mthunzi udafupika, miyendo idayamba kuwawa.

Kenako fumbi lidaoneka, ndi kulira kwa injini yolemedwa. Lole idatulukira itapendekera mbali imodzi, anthu ali pamwamba pa matumba, madengu akulendewera m'mbali. Makwerero oterewa ndi oika moyo pachiswe, kutsogoloko kuli mapiri a Dedza ndi zitsikirero za Ntcheu, koma wosauka sasankha. Pamphambanopo idaima kudikira basi kuti idutse.

A Pitala adayang'ana nkhope imodzimodzi. Adaona Lackson ataimirira, atagwira chitsulo. Adaona kamutu ka Memory. Eneless sadamuone. Adasuntha, kutuluka poyera, kuzungulira kumbuyo kwa lole. Ndipo ndi uyo, pansi pakona, pakati pa matumba awiri amene adamukonzera ngati chisa, mwendo atautambasula, wofunditsidwa. Mwana anali atatsamira pachifuwa pake.

Maso awo adakumana. A Pitala adakweza dzanja pang'ono. Eneless adawerama, nayamba kukonza kansalu ka kumutu kwa mwana wake, ndipo adakakonzabe mpaka lole idakwera patala n'kukhotera kummwera.

Iwo adaimabe pomwepo, fumbi likuwagwera pamapewa. Pachifuwa padapepuka ndithu, koma nkhope inali yolemera, yosadzutsika. A Esnart palole panalibe, iwo kwawo kunalibenso wowalandira. Lachinayi likubweralo adzakhala pabenchi kapena sadzakhalapo, ndipo padzakhala enanso a midzi ina amene sadamve kanthu, mikono ili yotambasula kale. Aliyense adzafunika kumukhalira pansi, kumuyang'ana, n'kumuuza.

“Bambo, mugula tomato kapena mungotitchingira makasitomala?” adafunsa mayi wina.

A Pitala adapepesa, nasuntha.